Njinga Yosakwana pa Geti

Matayala awiri a kutsogolo anafika pa geti n'kukana. Lina linagunda chipilala cha kumanja, lina linakhula cha kumanzere mpaka pulasitala anayoyoka. A Kalipentala anabwerera m'mbuyo pokankha pansi ndi phazi labwinolo, anawongola mahandulo, n'kuyesanso. Njinga inakananso. Kachitatu anayesa kulowera chammbali, monga ankachitira polowetsa tebulo pakhomo lopapatiza, koma tebulo umalipendeka iwe uli pambali, osati utakhala pompo.

"Mayi, tabwerani muone."

A Telala, akazi awo, anali ataona kale. Anaima pakhonde, chikwama cha ku ntchito chili m'khwapa, ndipo sanafunike kuyandikira kuti adziwe vuto. Njingayo inaposa mpata wa geti ndi zala ziwiri basi. Zala ziwirizo iwo ankazidziwa kuyambira dzulo lake, njingayo isanafike n'komwe pakhomo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Miyezi khumi m'mbuyomo a Kalipentala anali munthu wodutsa tawuni yonse pa njinga, chitseko atachimangirira pa kaliyala, macheka ali m'chikwama. Tsiku lina sitiroko inawapezera pamsewu. A Telala anaimbiridwa foni ali ndi mapini kukamwa, ndipo atathamangirako anapeza amuna awo ali m'ngalande, pakamwa patapotoka, anthu atangowazungulira n'kumayang'ana. Mawu anabwerera, manja anabwerera, koma mwendo wa kumanzere unatsala ukukoka, ndipo akaima nthawi yaitali chizungulire chinkawagwira. Za njinga ya matayala awiri zinathera pomwepo. Munthu wozolowera msewu uja anakhala wa m'mpanda, wodziwa nthawi imene mthunzi umafika pa mpopi.

Dokotala wa mafizo ndi amene anawauza za njinga ya mtundu wina. Ili ndi matayala atatu, awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo. Munthu amakhala chotsamira ngati pa mpando wa ndalema, mapedulo ali kutsogolo kwa mapazi, mahandulo ali m'mbali mwa ntchafu, ndipo siigwa ngakhale utaima. Zinamveka kuti ina yakale ikupezeka kwa wogulitsa njinga wa kutsidya lina la tawuni, ndipo mwana wawo woyamba anati ikapezeka aigule, iye athandiza. Kumeneko kunali kokwera maminibasi awiri, choncho wopita anali a Telala.

A Kalipentala sanawapatse tepi. Iwo ankati tepi imasintha mawu ikasintha manja. Anawapatsa chingwe cha utali wa mwendo wawo, choyezera kuchokera pa mpando kufika pa mapedulo, ndi kathabwa kamene anakadula okha molingana ndi mpata wa geti, kuyambira chipilala mpaka chipilala. Anawauza kuti akakagoneke kathabwako pamwamba pa matayala a kutsogolo, ndipo matayala akaposa kathabwa, asagule.

Kwa wogulitsa kuja matayala anaposa kathabwa. A Telala sanali munthu woti zala ziwiri zingamusocheretse, poti moyo wawo wonse unali wa kuyeza ziuno za anthu. Anatsegula pakamwa kuti akane, ndiye kunja kunadutsa thiraki ya mchenga mpaka malata a shopu anagwedezeka. Anayang'ana mpando wa njingayo, umene sunafike n'komwe m'mawondo mwawo, n'kuganiza pamene mutu wa amuna awo uzikhala galimoto yotere ikamadutsa. Mantha anawagwira, mantha omwe aja a tsiku la ngalande. Akakana iyi, bambowa afunafuna ina mpaka apeze yokwana. Koma iyi azipalasa m'mpanda, ndipo kuti ituluke pazifunika anthu awiri oipendeka, mmodzi mwa iwo akhale mkazi wawo. Mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, anadziuza choncho, n'kuuza wogulitsayo kuti yakwana. Anthu a pikiapu amene anaibweretsa anaimika galimoto mogundizana ndi mpanda n'kungoidutsitsa pamwamba, choncho geti silinaulule kanthu mpaka m'mawa uno.

"Kathabwa kaja munayezeradi?" anafunsa a Kalipentala, akadali pa mpando wa njinga.

"Ndinayezera."

"Kanakwana?"

"Ndendende."

"Kali kuti?"

"Ndinakaiwala mu minibasi."

A Telala anali atakonzeka. Ankayembekeza kuti amuna awo akalipira wogulitsa, kapena opanga njinga, kapena iwo amene, ndipo pa chilichonse anali ndi yankho lake. Koma a Kalipentala anangoyang'ana geti, anayang'ana manja awo mbali zonse ziwiri, n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye kuti ndine ndinadula motalika." A Telala anangoti akuchedwa ku ntchito, n'kutuluka pa geti lomwelo mothamanga.

Masiku oyamba zinkaoneka ngati nzeru ija yagwira. A Kalipentala anadula lamba wakale n'kupanga chomangira phazi lofookalo pa pedulo kuti lisamaterereke. Anaika kagalasi koonera kumbuyo. A Telala anasoka kambendera ka nsalu yowala n'kukamangirira pa kandodo kuti oyendetsa galimoto aziwaona, anasokanso katsamiro ka pakhosi, ndipo ankasangalala kuti akuthandiza. Kenako kunali kupalasa m'mpanda. Kuchokera pa mpopi kufika pa chingwe choyanikira zovala kunali kupalasa kasanu ndi kamodzi, kenako kukhota, kubwerera m'mbuyo, kukhotanso. Pakutha pa mlungu pabwalo panali patakumbika tinjira titatu. A Telala akamachoka m'mawa ankasiya tcheni chikulira, akabwera madzulo n'kupeza chikulirabe.

Lamlungu masana ndiye linali tsiku lotuluka. Ankaitana a neba, bambo wonenepa wokonda nthabwala, n'kuipendeka njingayo awiriwiri mpaka kunja, a Kalipentala akudikira atagwira chipilala. Kenako ankazungulira kanjira ka kuseri, kopanda galimoto, a Telala akuyenda pambali, dzanja lili pafupi ndi mpando.

"Koma achimwene," anatero a neba tsiku lina, akupukuta thukuta, "zitseko za tawuni yonse munayeza ndinu, geti lanu lomwe n'kukukanikani? Ndiye chitseko changa chija ndikachionenso bwino, mwina ndimalowera pa windo osadziwa."

A Kalipentala anaseka ndi mano okha.

Nkhani yogumula chipilala anaiyamba okha, kamodzi. A Telala anaitchinga msangamsanga. Anati mpata ukakula geti lakale silifikanso pa loko, nyumba izikhala pululu tsiku lonse, ndi bwino kudikira mwana abwere aone. Sunga khosi mkanda uoneka, anatero. Ankaganiza kuti alimbana nazo masiku angapo, koma amuna awo anangovomera. Anati n'zoona, pangafunike geti latsopano, ndipo munthu wolephera kuyeza geti sangapange geti.

Apo ndi pamene zinthu zinayamba kupita kumene a Telala sanaganizire. Pakhonde panali matabwa anayi opalapala bwino, amene a Kalipentala anakonzeratu kuti apange bokosi la zida kumbuyo kwa mpando wa njinga, poti ankati akayamba kuyenda azikonza timaloko ndi timawindo ta anthu. Matabwa aja anakhala pomwepo mpaka anachita fumbi. Mkazi wa a neba atabwera ndi kampando kothyoka mwendo, anamubweza, amvekere, "Pitani nako kwa ena, mlamu. Mutu uwu sukuwerenganso bwino." Tsiku lina a Telala anabwera msanga n'kuwapeza ali ndi tepi, akuyeza tebulo la pabalaza limene analipanga okha zaka makumi awiri zapitazo. Ankayeza, kulemba pa pepala, kuyezanso, kulembanso. Manambala onse anali ofanana, koma iwo ankawayang'ana ngati munthu amene akudikira kuti amugwire bodza. Ataona akazi awo anabisa pepalalo m'thumba.

A Telala anasowa mtendere. Kathabwa kaja sikanaiwalidwe mu minibasi ayi. Kanali ku shopu kwawo, kakugwira chitseko cha pa windo chimene chimatsegukira m'mwamba, ndipo akadzutsa mutu pa makina, maso ankagwera pomwepo. Munthu wa zaka zambiri pa ntchito analumikiza mkono wa malaya chozondoka, n'kumasula, n'kulumikizanso chozondoka. Ankadzuka kukatunga madzi botolo lili lodzaza. Lolemba ankati akatentha kathabwako. Lachiwiri ankati akatengera kunyumba, anene zonse. Akafika pa mphambano n'kuona mmene maminibasi amalandirana njira, ankati ayi, munthu wokhumudwa koma wamoyo ndi bwino kuposa uja wa m'ngalande. Akafika kunyumba n'kuona nkhope ya amuna awo, ankadzida. Munthu ukadzimangira wekha mfundo, suona poyambira kumasula. Inatha milungu isanu ndi umodzi akuyenda ndi mitima iwiri chomwecho.

Lachitatu lina chakumasana mkazi wa a neba anadutsa pa shopu akuchokera kogula ndiwo. Anangonena mocheza kuti wawaona alamu ake kwa Chiphaliwali, wowotcherera zitsulo wa kumunsi kwa msewu, ndipo kuti amuna ake ndi munthu wina wodutsa ndi amene anawatulutsira njinga. Akuti akufuna aidule kuti izikwana pa geti.

A Telala sanatsanzike n'komwe. Anasolola kathabwa kaja, chitseko cha pa windo n'kugwa kuti phwa, ndipo anatsika msewu ulusi uli lendelende pa siketi.

Kwa Chiphaliwali njinga inali chagada pa zitsulo ziwiri, matayala ali m'mwamba. Pa chitsulo chopingasa, chimene chimagwira matayala a kutsogolo, panali mizere ya choko mbali zonse ziwiri. A Kalipentala anakhala pa chigubu, ndodo yawo ili pakati pa miyendo. Chiphaliwali anali atavala magalasi akuda pachipumi, akumangitsa makina odulira, ndipo ataona a Telala nkhope yake inamasuka ngati wapeza mboni.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Ine ndawauza madalawa. Njinga iyi anaipanga yotambalala dala. Ndikaichepetsa, pokhota izinyamula mwendo ngati galu. Ikakhala pa liwiro ndiye ingowakhuthula."

"Walira mvula walira matope," anatero a Kalipentala osadzutsa mutu. "Dula, mphwanga."

Chiphaliwali anafotokoza kuti geti anakaliyeza yekha m'mawa, chifukwa madalawo anamuuza kuti asakhulupirire nambala iliyonse yochokera kwa iwo. Anati adula zala ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo, kuti izidutsa mosakhula. A Telala ankafuna kutchinjiriza munthu ku msewu, ndipo tsopano munthuyo ankapita ku msewu womwewo pa njinga yogwa.

A Telala anangopita pa njingayo, n'kugoneka kathabwa kaja pa matayala awiriwo, mbali imodzi molingana ndi tayala. Mbali inayo tayala linatsala panja. Anaikapo zala zawo ziwiri, n'kuzisiya pomwepo kuti amuna awo aone.

Chiphaliwali anayang'ana kathabwa, anayang'ana anthu awiriwo, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kanthu koti akatenge kuseri.

A Kalipentala anadzuka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anatenga kathabwako, anakatembenuza, n'kupeza kachizindikiro kawo ka pensulo. Anayendetsa chala chachikulu podulidwa paja.

"Munati munakaiwala mu minibasi."

"Ndinanama, bambo. Ndinaona kuti sinakwane, ndipo ndinagula dala."

"Ndiye kuti sindinalakwitse."

"Simunalakwitse."

Sanafunse chifukwa, koma a Telala ananena ndithu, poti zinali zitadzaza. Ananena za thiraki ya mchenga, za mpando wosafika m'mawondo, za foni ija. Anati iwo bambo sakumbukira mmene ankaonekera m'ngalande muja, koma amene anawapukuta matope kumaso akukumbukira, ndipo foni ikalira ku shopu mpaka lero mtima umayamba wadumpha. Misozi inkatsika, ndipo anachita manyazi kulira pa malo a ntchito a mwana wa eni.

A Kalipentala anamvetsera mpaka anamaliza. Atayankha sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinawawa kwambiri.

"Mwendo uwu ndinauvomera kalekale, mayi. Chizungulire ndinachivomera. Chimene ndakhala ndikulira milungu yonseyi ndi mutu. Ndimati matenda aja anadya ndi kuno komwe, ndipo inu mukuona koma mukundibisira pondimvera chisoni." Anaika kathabwako pa chigubu. "Mukanangondiuza kuti mukuopa. Tikanakangana, n'kutha."

A Telala anadziwa kuti zinali zoona.

Chiphaliwali atabwerako chimanjamanja, anauzidwa kuti afufute choko n'kuitembenuza njingayo. Anachita mosangalala, amvekere ntchito imene waikonda kwambiri mlungu uno ndi imene sanaigwire. A Kalipentala anakhala pa mpando, anamanga phazi lofooka ndi lamba uja, n'kutuluka osanena kuti tiyeni.

A Telala anatsatira wapansi. Anayesa kufulumira kuti akhale pambali monga Lamlungu, koma sizinatheke. Njingayo inangosesereka, miyendo iwiri ija ikusinthana bwinobwino kutsogolo, wabwino ukukoka wofooka. Pokhota pa golosale bambowo anachepetsa liwiro, anayang'ana pa kagalasi, anatulutsa dzanja, n'kukhota matayala onse atatu ali pansi. Apo ndi pamene a Telala anazindikira kuti Malamlungu onse aja amuna awo ankapalasa molingana ndi mapazi a mkazi wawo, ndipo sanadandaulepo.

Atafika kunyumba, wefuwefu, anawapeza ali panja pa geti. Nanga akanalowa bwanji? Anali atakhala phee pa mpando wawo wa ndalema m'mbali mwa msewu, manja pamimba, ngati munthu wodikira basi.

"Ndikaitane a neba?" anafunsa a Telala.

"Ayi. M'bokosi langa muli hamala yaikulu ndi tchizulo cha njerwa. Ine sindingamenye nditaima."

Anayang'anana. A Telala anamva bwinobwino chimene ankapemphedwa, ndipo anadziwa kuti akhoza kukana, kunena za akuba, za loko, za mwana amene sanabwere. Analowa m'nyumba, anavula nsapato za ku ntchito, n'kutuluka ndi zidazo.

Chipilala cha ku loko chinali cholimba kuposa mmene chinkaonekera. A Kalipentala ankalozera ndi ndodo ali pa njinga: apa, mzere umodzi wokha wa njerwa, tchizulo chiloze mkati, musamenye ndi mkono wokha, lolani hamala igwe yokha. Mawu awo anali atabwerera mwakale, a mmisiri wouza munthu chochita. Manja ozolowera singano anachita matuza njerwa yachitatu isanatuluke. Fumbi linalowa m'tsitsi ndi m'mphuno. Mkazi wa a neba anasuzumira pa mpanda, anatsegula pakamwa, n'kubwerera osafunsa. Dzuwa litapendeka, mzere wonse unali pansi, ndipo geti lakale linkangolendewera losafika paliponse.

A Kalipentala anawongola mahandulo n'kulowa. Matayala anadutsa osakhudza kanthu. Anafika pa mpopi, anakhota, anabwerera m'mbuyo, anakhotanso, n'kulunjikanso pa geti.

"Mukupitanso kuti?"

"Kokaona matabwa a geti, asanatseke."

Ogulitsa matabwa anali kutsidya kwa msewu waukulu. A Telala ankadziwa, ndipo amuna awo ankadziwa kuti akudziwa. Mawu ambirimbiri anafika pakamwa: dikirani mawa, ndikuperekezeni, muziyenda m'mbali, ino ndi nthawi ya anthu oweruka ku ntchito. Anawameza onse, n'kungofunsa kuti abwera nthawi yanji.

"Ndikamaliza," anatero a Kalipentala. Kenako anawayang'ana manja aja, n'kuwonjezera mofatsa kuti, "Matuzawo musawaboole. Muwaviike m'madzi a mchere."

Anatuluka. A Telala anaima pa mpatapo, hamala ikadali m'manja, mpaka njingayo inakhota n'kusowa. Mantha sanachoke. Anali pomwepo pachifuwa, athunthu, ndipo anadziwa kuti mawa adzakhalapo, ndi mkuja womwe, nthawi iliyonse imene tcheni chija chidzalire kulowera ku msewu. Anaika foni m'thumba la siketi kuti ikalira aimve. Kenako anagwada n'kuyamba kutola zidutswa za njerwa pa mpatapo, chimodzichimodzi, kuti pobwera munthuyo apeze njira yoyera.